Ana a Sikelo a mu Kolamu H

Lolemba, 7 Seputembala 1992

Kope latsopano. Lakale mwana wanga Mati wajambulamo nkhuku mpaka pachikuto, ndiye ili ndizilibisa m'chikwama cha ku ntchito, pansi pa buku la maphunziro a kompyuta. Mwana wa zaka zinayi koma manja ake sakhala pansi.

Liwonde yatentha kale ngati tili mu Okutobala. Shire waphwa mpaka miyala yomwe sindinaionepo chibadwire yatulukira. Ku ofesi anthu akumafika tisanatsegule, kudzangokhala pansi pa mlambe kufunsa ngati mayina awo alimo. Ine ndimadutsa maso ali pansi.

Ntchito ya sabata ino ndi imodzi basi: mndandanda wa chimanga cha chithandizo. Midzi 812, kuyambira kwa Kalembo mpaka kwa Kawinga ndi ku Chikweo. Munthu aliyense makilo 9 pa mwezi, ngakhale wa kumsana. A Sitima, abwana athu, akufuna pepala likafike ku depoti ya ku Balaka Lachinayi kuti malole anyamuke Lachisanu. Zonse zili pa ine ndi makina. Aphunzitsi ku Blantyre ankati sipuredishiti, ine ndimangoti mkeka, poti umangoyalika osatha. Miyezi itatu yapitayo ndinali taipisiti wamba, lero anthu akundipatsa moni ndi manja awiri. Ndisaname, zikundikomera.

Mafomu otsiriza abwera masana ndi Che Bakari, amene amayang'anira senta ya ku Chikweo. Fumbi mpaka m'ndevu. Andibweretsera timatemba ta ku Chiuta m'pepala, ati n'ta Mati. "Nyanja yatsala ya m'mawondo, mayi Kachingwe, idyani tikadalipo." Aima kumbuyo kwanga kuyang'ana galasi la kompyuta, n'kufunsa kuti, "Kodi shehe wanuyu amadya chiyani?" Ndati magetsi. Ati ndiye kuti nayenso ali pa njala ngati ife.

Atatuluka abwereranso pakhomo. Ati pa mafomu awo ajambula mzere wina ndi lula, ana a sikelo awalemba paokha osawaphatikiza ndi ana akuluakulu, chifukwa anesi a kumeneko akufuna chiwerengero cha oyenera phala la likuni. "Musawaiwale, ndi ambiritu." Ndawayankha kuti makina saiwala.

Lachiwiri, 8 Seputembala

Tsiku lonse kutaipa. Mafomu a Che Bakari ndi aukhondo kuposa onse, midzi 46, palibe ndi pamodzi pofufuta. Ana a sikelo aja ndawaika kaye mu kolamu H, kumapeto, poti pakati panalibe malo. Ndikonza mawa. Magetsi anathima 3 koloko, mwayi ndinali nditasunga pa disiki. Msana wanga, mayo.

Lachitatu, 9 Seputembala

Lero ndiye ndawala.

A Sitima anabwera ndi a tcheyamani a chipani a dera lino kuti adzaone makina akugwira ntchito. Baji pachifuwa, mpango m'manja, thukuta kamukamu. Ndinali ndisanamwe ndi tiyi yemwe. A Sitima anangoti, "Nelia, aonetseni alendo."

Mu kabokosi F5 ndinalemba fomula: +C5+D5+E5. Ndiye kuti amuna, akazi, ana. Mu G5 ndinati zimenezo zichulukitsidwe ndi 9. Kenako kukopa, kuyambira mzere 5 mpaka mzere 816. Kudina kamodzi kokha. Makina anaganiza pang'ono, kenako manambala anangoti mbwee kutsika, ngati mtedza ukamautsanula m'lichero. A tcheyamani anaomba m'manja. "Ichi ndiye chitukuko. Munthu amaba, makina saba."

A Samson, kalaliki wathu wakale amene ntchito imeneyi ankaigwira sabata zitatu ndi kalikuleta, anapempha kuti ayese pamanja. Mzere 5, 6, 7, yonse ndendende. Anati tiyeseko ina ya kumunsi. Ine n'kuti, "Fomula ndi imodzi, a Samson. Mukalawa mchere pamwamba pa mphika ndiye kuti mwalawa ndiwo zonse." Onse anaseka. Iwo anangopinda magalasi awo n'kubwerera pa desiki. Pambuyo pake mtima unandipweteka pang'ono, munthu wa msinkhu wa bambo anga. Mawa ndiwagulira mandazi.

Pulinta yalira masana onse. Chikweo: anthu 10,750, matumba 1,935 a makilo 50. A Sitima asaina.

Lachisanu, 11 Seputembala

Malole anyamuka ku Balaka. Dalaivala wathu akuti akazi a pa siteshoni amathamangira kumbuyo kwa lole kutola timaso ta chimanga togwa pamsewu. Chachikasu, koma palibe akusankha.

Lolemba, 14 Seputembala

Masenta a kwa Kalembo agawa, zonse bwino, kwina kwatsalako ndi matumba awiri. A Sitima akuyenda akuimba mluzu. Zelifa, mng'ono wanga, akuti ndanenepa ndi matamando okha.

Lachiwiri, 15 Seputembala

Madzulo dalaivala wabwera kuchokera ku Chikweo nkhope ili gwaa. Akuti chimanga chatha anthu akadali pa mzere. Midzi isanu ndi itatu sinalandire ndi kambale komwe. Anthu anachoka kwawo m'bandakucha, ena ulendo wa maola atatu wapansi, matumba opanda kanthu pamutu, n'kubwereranso nawo choncho. Kunali kulira, kenako miyala. Che Bakari anaima pamwamba pa tebulo kuwapempha kuti adekhe, wina anawagenda pachipumi.

A Sitima andiitana kufunsa ngati pepala lathu lili bwino. Ndatsegula mkeka, ndawaonetsa. 10,750. 1,935. Aimbira ku depoti, nako akuti anakweza 1,935 ndipo Che Bakari anasainira kuti alandira onse.

Ndiye chapita kuti?

Lachitatu, 16 Seputembala

Che Bakari awatenga. Anabwera okha pa njinga yamoto kudzapereka lipoti, bandeji pamutu, ndipo apolisi anawapeza pakhonde pathu pomwe. Lipoti lawo likuti anthu otsala ndi 2,150, pakufunika matumba 387. Wapolisi anawerenga n'kuti, "Mwachita bwino kudziwerengera nokha zomwe mwaba."

Sanakane ndi mawu ambiri. Anangolumbira kuti, "Wallahi, thumba lililonse ndinalitsegula pamaso pa anthu." Anapereka makiyi a njinga kwa a Samson. Podutsa pawindo langa anandigwedezera mutu monga amachitira masiku onse.

Lachinayi, 17 Seputembala

Msonkhano mu ofesi ya a Sitima, ine wolemba. A tcheyamani lero sanaseke. Akuti chimanga chawoloka Chiuta, chili ku Mozambique. Akuti si kuba chabe, awa ndi aja akufuna anthu adane ndi boma, ofanana ndi olemba makalata opanda dzina aja. Cholembera changa chinaima, a Sitima anandiyang'ana, ndinapitiriza.

Agwirizana kuti ku Chikweo kusapitenso thumba ndi limodzi lomwe mpaka mlandu uthe. "Tisadyetse mbava kawiri."

Ndikuchita manyazi kulemba izi, koma nanenso ndinaganiza kuti munthu sadziwika, mwina ndevu ndi swala zija n'zophimbira. Matemba aja tinadya kale.

Lachisanu, 18 Seputembala

Ndilembe bwinobwino kuti ndione ngati n'zoona.

Masana anzanga onse anatuluka. Ku mzikiti kunkamveka kuitana kwa swala ya Ijuma, ndipo ndinakumbuka kuti Che Bakari akakhala kuno Lachisanu amasiya chipewa cha njinga pa desiki yanga n'kuthamangira kumeneko. Ndinatsegula mkeka kuti ndiyambe wa Okutobala. Ndinali kumunsi, pa midzi ya ku Chikweo, chala chinakhalitsa pa batani lopita kumanja. Galasi lathu limaonetsa A mpaka G basi, poti kolamu ya mayina ndinaikulitsa. Mkeka unasuntha. H.

Manambala ali ndondondo, mizere 46, monga ndinawasiyira Lachiwiri lija. Ana a sikelo.

Fomula yanga ikuti C, D, E. H mulibe. Ndinaikopa kuchokera pa mzere wa kwa Kalembo, kumene mafomu anali ndi magawo atatu, n'kuitsitsa mpaka kwa Che Bakari kumene anali anayi. Makina anachita zomwe ndinawauza. Pulinta nayo imalekeza pa G, ndiye palibe anaiona.

Ndinaphatikiza H yense: 2,150. Kuchulukitsa ndi 9, kugawa ndi 50: 387. Ndinabwereza katatu. Ndinatenga kalikuleta ya a Samson m'dirowa, nayo 387. Palibe thumba lomwe linabedwa. Che Bakari ankapatsa banja lililonse malinga ndi mitu yonse, ndi ya makanda yomwe, monga lamulo likunenera, pamene ine makandawo sindinawatumizire kanthu.

Ndinathamangira kuchimbudzi. Nditabwerako ndinadina batani lopita kumanzere mpaka H anabisikanso, n'kuzimitsa makina. A Samson atalowa anafunsa ngati ndikudwala malungo. Ndinati eya.

"Musawaiwale, ndi ambiritu." Anandiuza. Anachita kubwerera pakhomo kudzandiuza.

Loweruka, 19 Seputembala

Ndamuuza Zelifa tikuchapa. Anasiya chitenje m'beseni, kuyang'ana uku ndi uku ngati pali wina kuseli kwa mpanda.

"Achemwali, mwauzanso ndani?"

Ndati palibe.

"Ndiye zithere pompano. Mwaiwala aja anatoledwa ndi apolisi ku Blantyre pa nkhani ya makalata opanda dzina? Si a makompyuta omwewo? Mukanena kuti ndinu, sakamva zoti munaiwala, akati munachitira dala. Mati ndidzamuuza kuti amake ali kuti?"

Ndinati nanga Che Bakari. Anati Che Bakari ndi mwamuna, ali ndi abale, ali ndi mzikiti wonse kumbuyo kwawo, ine ndili ndi ndani? Ndinakwiya, ndinamunena kuti mtima wake ndi wa mwala. Koma ndinakwiya chifukwa ananena zomwe ine ndakhala ndikudziuza kuyambira dzulo. Ku maphunziro kuja tinali ndi mnyamata wa ku Zomba wokonda nthabwala, tikumva kuti anamutenga mu Juni pamodzi ndi makina ake, mpaka lero sitidziwa.

Mati wakana phala ati mulibe shuga. Ndamukalipira mopyola muyeso, kenako ndamunyamula mpaka wandiuza kuti ndikumufinya.

Lamulungu, 20 Seputembala

Kutchalitchi ndinangokhala ndikuwerenga masiku. Tsiku lachisanu Che Bakari ali m'chitokosi.

Lolemba, 21 Seputembala

Ndawauza a Sitima. Ndinaganiza kuti ndikatula kwa abwana ndiye kuti ndatula.

Ndinawaonetsa pa galasi. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anakatseka chitseko ndi windo lomwe, kutentha konseku. Funso lawo loyamba linali la Zelifa lomwe lija: mwauza ndani.

Sanandikalipire, bola akanatero. Analankhula motsitsa ngati pamaliro. Ati siginecha ili pa pepala lija ndi yawo. Ati a tcheyamani anaima pa msonkhano Loweruka n'kulengeza kuti mbava yagwidwa, ndiye ndani apite kukawauza kuti ananena zabodza pagulu? Ati anthu otithandiza akamva kuti makina athu akusiya ana, atseka ofesi, ndiye ovutika sakhala midzi isanu ndi itatu, akhala 812.

"Ana a mu H awo aphatikizeni ndi a mu E, H mumufufute. Okutobala aliyense alandira zokwana. Che Bakari akawasunga pang'ono, akaona kuti umboni palibe awatulutsa okha."

Ndinati nanga midzi ija, bwana.

"Atsala masiku khumi kuti mwezi uthe. Anthu a kumudzi ndi opirira."

Ndinati chabwino, bwana. Ndi pakamwa pangapa ndinati chabwino.

Koma sindinafufute. Ndinakopa mkeka wonse pa disiki ina, ndipo iwo atapita ku banki ndinasindikiza mizere 46 ija, H ali pomwepo. Disiki ndi mapepala zili m'chikwama, pamodzi ndi kope lino. Kutuluka ndi disiki pa geti masiku ano ndi mlandu pawokha. Mlonda anandipatsa moni ine n'kudzidzimuka ngati wandigwira pamkono. Sindikudziwa kuti ndikuzisungiranji.

Lachiwiri, 22 Seputembala

Kwabwera akazi awo a Che Bakari, a Kulusumu. Mayi wamng'ono thupi, mpango woyera kumutu, mapazi otuwa ndi ulendo. A Sitima anati ali pa foni, sangawaone. Ndiye anadzagwada pakhomo la chipinda changa.

"Sikomo, amao. Ndinu mayi wa makina?"

Ndinawapatsa mpando, anakana, anakhala pansi. Anamasula kansalu, m'katimo munali kope la sukulu. Ati dzulo anawalola kuwaona amuna awo kwa mphindi zochepa. Mapazi atupa, chilonda cha pachipumi chikutuluka madzi, ndipo chomwe akudandaula kwambiri n'choti alibe madzi osamba asanaswali. Anawauza kuti akatenge kope limeneli pansi pa matiresi. Ndi momwe analembamo midzi yonse asanakopere pa mafomu.

"Ine sindidziwa kuwerenga. Anati kapereke kwa mayi Kachingwe, iwo aja ndi makina awo ndiwo angapeze chilungamo."

Ndinalandira ndi manja awiri. Sindinathe kuwayang'ana kumaso.

Ndinafunsa za kumudzi. Ati anthu a kwa Sabiti ndi midzi ina ija amabwera pakhomo pawo tsiku lililonse, ena kudzatukwana, ena kudzapempha poganiza kuti matumba ali m'nyumba. Anawatsegulira nyumba yonse kuti aone okha. Ati kumeneko akudya nyika za m'dambo ndi mango aiwisi ophika. "Akuluakulu tikupirira. Koma ana ndiye asiya kusewera."

Agona kwathu. Zelifa wawaphikira, ndipo wawapatsa chitenje chake chatsopano kuti afunde. Madzulo tili kuseli anandinong'oneza kuti, "Ndikudziwa zomwe mukuganiza. Mukapita muvale malaya awiri, akuti m'menemo mumazizira."

Ndawalembera a Sitima kakalata kuti mawa ndikupita ndi Mati ku sikelo. Mwa mabodza onse, ndasankha limenelo.

Lachitatu, 23 Seputembala

Ndabwerako. Ndili kunyumba. Ndilembe kaye zimenezo.

Tinakwera matola ndi a Kulusumu m'mamawa. M'njira ndinawauza zonse. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anatembenukira kumbali kuyang'ana mapiri. Anakhala choncho mpaka tinatsika. Sindikuwadandaula.

Kupolisi anatikhazika pa benchi kuyambira 8 koloko mpaka dzuwa litapendeka. Kawiri konse ndinaimirira kuti ndizipita, n'kukhalanso pansi. Kenako anandilowetsa kwa mkulu wina wa imvi m'mbali, amene ali ndi fayilo ya Che Bakari.

Ndinayamba ndi fomula, makolamu, kukopa. Anandidula. "Mayi, ife tinauzidwa kuti makina salakwa." Ndinati zoona, bwana, salakwa, amachita zomwe wawauza. Ine ndinawauza kuti aphatikize zinthu zitatu pomwe zinali zinayi. Anandiyang'ana ngati ndikulankhula Chilomwe cha kumapiri.

Ndiye ndinatsegula kope la Che Bakari pa mudzi wa Sabiti, ndinawapempha kuti aphatikize okha. Anatenga bolopeni. Amuna 41, akazi 58, ana 52. Anapeza 151. Ndinawaonetsa pepala la makina: 151. "Ndiye vuto lili pati?" Ndinaloza mzere wojambula ndi lula uja. Ana a sikelo, 23.

Anayesa mudzi wina, ndi winanso. Anaitana wapolisi wa kalikuleta kuti aphatikize mzere wonsewo, iwo ali chiimire pawindo. Wapolisi uja anati 2,150. Mkulu uja anatsegula fayilo, kuyang'ana lipoti la Che Bakari, n'kuitseka.

"Ndiye wakuba ndani?"

"Palibe, bwana. Wolakwa ndine."

"Anakutumani ndani?"

Ndinati palibe. Anafunsa funso limenelo kanayi, mosiyanasiyana. Kwathu n'kuti, ndimapemphera kuti, ndinaphunzira ndi ndani ku Blantyre, ndinataipirapo munthu kalata yosakhala ya ntchito. Za a Sitima sanafunse ndipo sindinanene. Kenako anati, "Munazindikira liti?" Ndinati Lachisanu. Anayang'ana kalendala ya pakhoma.

"Lero ndi Lachitatu."

Analembanso zimenezo. Pa mafunso onse, pamenepo ndi pomwe ndinalira.

Disiki atenga. Ndasaina sitetimenti ya masamba atatu. Ati ndizikaonekera Lolemba lililonse ndipo ndisatuluke m'boma lino. Malaya achiwiri aja ndavula nditafika kunyumba, anyowa ngati ndagwa nawo mu Shire.

Lachinayi, 24 Seputembala

A Sitima sakundilankhula, akutuma a Samson. Kwabwera amuna awiri ovala wamba, akhala nane kuyambira m'mawa mpaka 3 koloko kuti nditsegule chilichonse chomwe chili m'makina. Mindandanda, mindandanda, kalata yopempha matayala a galimoto. Mmodzi anagona pampando. Winayo potuluka anati tidzaonananso.

A tcheyamani anaimika galimoto panja, analowa kwa a Sitima, mawu amamveka mpaka kwa mlonda. Ine sanandipatse moni. Aja a manja awiri aja.

A Samson andiikira ndazi pa desiki. Mandazi amene ndinati ndiwagulira aja sindinagule.

Lachisanu, 25 Seputembala

Che Bakari awatulutsa! Dalaivala wawaona, akuti akuyenda ndi ndodo, nsapato m'manja poti sizikulowa. Akuti funso lawo loyamba ali pa geti linali lakuti matumba aja apita kapena ayi.

Apita mawa. 387. Ndasindikiza ndekha pepala la ku depoti, a Samson aphatikiza pamanja, mzere ndi mzere, ine ndili phee pambali.

Loweruka, 26 Seputembala

Malole awiri adutsa pa mlatho cha m'ma 9. Ndinaima pamsewu ndi Mati kuwayang'ana. Masiku khumi ndi limodzi chichokereni anthu aja pa mzere manja ali lende. Mwa masiku amenewo, asanu ndi anga ndekha. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

A Sitima atumiza mawu kuti ndimalize mndandanda wa Okutobala, kenako pali kalata yanga. Sindikufunsa kuti mukuti chiyani.

Lolemba, 28 Seputembala

M'mawa kupolisi kukaonekera. Kusaina basi, n'kubwerera.

Nditafika ku ofesi ndinapeza Che Bakari atakhala pampando wa pambali pa makina, atavala patapata, kope lawo lili pamwendo. Achepa. Chipsera pachipumi. Dzulo anali ku Chikweo kugawa matumba aja, ati sakanalola kuti agawe wina. Ndinali nditakonza mawu ambiri sabata yonseyi, koma nditagwada onse anathawa. Ndinangoti, "Che Bakari, ndinakulakwirani."

Anati, "Dzukani, mayi, pansi pali fumbi. Yatsani shehe wanuyo, ntchito ilipo."

Fomula ndaikonza iwo akuona: +C5+D5+E5+H5. Ndakopa kuyambira 5 mpaka 816. Ndachepetsa kolamu ya mayina kuti H azioneka. Palibe anaomba m'manja. Kenako anati tidutse midzi yawo yonse umodzi umodzi, iwo aziwerenga m'kope, ine ndiziyang'ana pa galasi, a Samson pa kalikuleta. Tinayamba 10 koloko. Mawu awo ali pansipansi, osathamanga. Mudzi, amuna, akazi, ana, ana a sikelo. Ine eya. Mudzi wina. Eya.

Mzere 814, kwa Sabiti. Amuna 41. Eya. Akazi 58. Eya. Ana 52. Eya. Anaima. Ndinaona kuti m'kope mwawo, mmene munalibe pofufuta ndi pamodzi pomwe, pali nambala yokhwatchidwa ndi pensulo.

"Pa ana a sikelo lembani 22."

Ndinati pano pali 23.

"Lembani 22, mayi. Mmodzi anamuika m'manda Lachiwiri."

Lachiwiri ndinali pano, mapepala ali m'chikwama. Ndinafuna kufunsa dzina, ndinafuna kufunsa ngati anali kudwala kale. A Samson anavula magalasi. Ndinafufuta 23, ndinalemba 22. Kumunsi kwa H nambala inasintha yokha, 2,149.

Che Bakari ananyowetsa chala n'kutembenuza tsamba.

"Mudzi wotsatira."